Mwezi wa Masiku 35: Tiyi, Sikelo ndi Nthabwala za Masamu kwa Kapichi

Pa intaneti pali nambala ina imene akatswiri a makompyuta amati akaiona amayamba kumwetulira okha. Nambalayo ndi 418. Makompyuta akamafunsana zinthu amayankhana ndi manambala amene anthu anagwirizana kale: 200 ndiye kuti zonse zili bwino, 404 ndiye kuti chimene ukufunacho kulibe. Koma pa 1 Epulo 1998, tsiku limene Azungu amapusitsana, katswiri wina dzina lake Larry Masinter anatulutsa chikalata cholembedwa ngati malamulo enieni, chofotokoza m'mene kompyuta ingalamulire makina ophikira khofi. M'chikalatamo anaikamo 418 kuti likhale yankho la tipoti imene yatumidwa kuphika khofi: ikane, inene kuti iyo ndi tipoti basi. Nthabwalayi inazika mizu moti mu 2017, ena atafuna kuti nambalayo ifafanizidwe, anthu anaikira kumbuyo tipoti yosaonekayo mpaka inapulumuka. Tsono munthu wa kwa Mfumu Kapichi m'boma la Thyolo, kumene midzi inachita kupanikizika m'mbali mwa minda ya tiyi, akamva nkhaniyi akhoza kufunsa kuti: tiyi timathyola ndife, nanga nthabwala zake zinapita bwanji kwa eni? Funsoli si lachibwana. Nthabwala ya masamu kapena ya sayansi imaseketsa yekhayo amene lamulo lake akulidziwa, chifukwa choseketsacho ndi kuona lamulo likupindidwa. Choncho tikafufuza amene ankaseka manambala, tipeza amene manambalawo anali m'manja mwake. Mbiri ya Thyolo ikuonetsa kuti luso loseweretsa manambala linalipo tiyi asanabwere, kuti minda ya tiyi inasandutsa nambala kukhala chikoti, ndi kuti sayansi idzakhala yathu zenizeni tsiku limene tidzayambe kuiseka m'chinenero chathu.

Tiyambe ndi omwa tiyi, poti iwowo nthabwala zawo zinalembedwa. M'zaka za m'ma 1920, pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England, mayi wina wasayansi, Muriel Bristol, ananena kuti akalawa tiyi amadziwa ngati m'kapumo munayamba kuthiridwa mkaka kapena tiyi. Mnzake wa masamu, Ronald Fisher, m'malo mongomuseka anaganiza m'mene angamuyesere: makapu 8, anayi oyamba mkaka ndi anayi oyamba tiyi, osakanizidwa mwachisawawa. Njira zosankhira makapu anayi pa makapu 8 zilipo 70, ndiye kuti munthu wongolota angakhoze onse kamodzi kokha pa maulendo 70. Masewera amenewa analowa m'buku la Fisher la 1935, ndipo mpaka lero ndiwo maziko a m'mene asayansi amayesera feteleza, mbewu ndi mankhwala. Mu 1952 Bertrand Russell anayerekeza tipoti yozungulira dzuwa pakati pa dziko lapansi ndi Mars, yaing'ono moti palibe makina angaione, pofuna kuonetsa kuti wonena chinthu ndiye ayenera kubweretsa umboni, osati wokana. Mu 1975 Martin Newell wa pa yunivesite ya Utah anasandutsa tipoti ya kunyumba kwake kukhala manambala a m'kompyuta, ndipo akatswiri ojambula ndi kompyuta akhala akuibisa m'mafilimu ngati moni wa pakati pawo. Mu 1999 bungwe loona za miyezo ku Britain linapatsidwa mphoto yachipongwe ya Ig Nobel chifukwa cha chikalata cha masamba 6 cholongosola kaphikidwe ka tiyi wolawa: magalamu 2 pa mamililita 100 alionse a madzi owira, n'kudikira mphindi 6. Nthabwala zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi. Tiyi wake ali kale m'kapu. Palibe imene ikukamba za dengu la kumsana, mame a m'mamawa kapena sikelo.

Si kuti kumene tiyi amachokera kunalibe anthu oseweretsa manambala. Amang'anja amene anali m'mapiri a Thyolo kuyambira kale, pamodzi ndi Alhomwe amene anabwera ochuluka kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anali ndi sukulu yawo: ndagi ndi nthano pamoto usiku, bawo pansi pa mtengo masana. Bawo ili ndi maenje 32 m'mizere inayi, ndipo katswiri wake amakhala atadziwa kale kumene njere yomaliza ikagwere dzanja lisanakhudze dzenje loyamba. Zimene amachita m'mutumo n'zimene wolemba mapulogalamu amachita akamalondola pulogalamu mzere ndi mzere kuti aone kumene ithere. Miyambi nayo imacheza ndi nambala. Aliyense amadziwa kuti ziwiri zimaposa chimodzi, koma akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, kutanthauza kuti nthawi zina chimodzi kuphatikiza chimodzi yankho lake limakhala ziro. Chitsanzo chokoma koposa chili kwa anansi athu a ku Zambia. Pali ndagi yakale, yodziwika m'maiko ambiri, ya munthu wofuna kuolotsa chilombo, mbuzi ndi ndiwo pabwato lonyamula chinthu chimodzi paulendo. Alcuin wa ku York anailemba zaka zoposa 1,200 zapitazo, ndipo yankho lake lilipo. Koma Aila, anansi athu a ku Zambia aja, malinga ndi zimene Edwin Smith ndi Andrew Dale analemba mu 1920, katundu wawo ndi zinthu zinayi: kambuku, mbuzi, khoswe ndi dengu la mapira. Yesani nokha muone, chilichonse chimene mungayambe kuolotsa, zotsalazo zidyana. Mapeto ake munthuyo, posafuna kutayapo chimodzi, amangoleka ulendowo. Imeneyi ndi nthabwala ya akatswiri yeniyeni, ndipo phunziro lake, loti mafunso ena yankho lake ndi kutsimikiza kuti yankho palibe, ndi lomwe Alan Turing anafikapo mu 1936 pamene anaonetsa kuti pali mafunso amene palibe makina angawayankhe.

Tiyi atabwera, nambala inasintha ntchito. Mbewuyi inayamba kulimidwa m'minda ya Azungu ku Mulanje mu 1891, ndipo inafika ku Thyolo cha m'ma 1908, chaka chimene njanji yochokera kuchigwa cha Shire inafika ku Blantyre, njanji yomwe ija imadutsa pa Khonjeni ndi Luchenza. Esiteti ya Satemwa inakhazikitsidwa mu 1923, ndipo maina monga Conforzi, Naming'omba, Makwasa ndi Makandi anakhala maina a malo amene mabanja ankadalira. Mgwirizano wa 1933 utachepetsa tiyi wa ku India, Ceylon ndi Java pamsika wa dziko lonse, mtengo unakwera ndipo minda ya ku Nyasaland inakula mofulumira. Munda wa tiyi umafuna manja ambiri panyengo ya mvula, nyengo yomweyo imene munthu amafuna kupalira chimanga chake, ndipo chida chokokera manjawo chinali masamu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkho wa nyumba unali masheleni 6, koma wogwira ntchito kwa Mzungu mwezi umodzi ankalipira masheleni atatu okha. Umboni wa m'mene masamu a ntchito analowera m'moyo mwathu sitichita kukaufuna ku Zomba m'nyumba yosungira zolemba zakale. Uli pakamwa pathu tsiku lililonse. Sabata ya masiku 7 inabwera ndi amishoni ndi olemba anthu ntchito, ndipo maina amene inapatsidwa amaulula mwini wake. Lolemba ndi tsiku lolemba maina m'buku la ntchito. Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu ndi masiku opanda maina, ongowerengedwa ngati mizere ya m'munda. Loweruka ndi tsiku loweruka kuntchito. Sabata yathu yonse ndi tikiti ya kalaliki.

Pa tikitipo ndi pamene panabadwira nthabwala yowawa kuposa zonse m'mbiri ya dera lino. Mabanja okhala pa malo a esiteti ankalipira lendi ndi thukuta: mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho. Mawu akuti mwezi m'chinenero chathu ndi a chinthu chimene aliyense amachiona kumwamba, chimene palibe munthu angachitalikitse. Koma mwezi wa pa esiteti sunkayendera wa kumwambawo. Unkayendera masiku ochongedwa pa tikiti, m'malo ena masiku 30. Lamulungu silinkachongedwa, choncho masiku 30 a ntchito ankadya masabata asanu, omwe ndi masiku 35. Tsiku limene munthu sanamalize ndime yake kapitawo akanatha kukana kulichonga, ndipo mwezi unkapitirira kutalika. Mwezi wa kumwamba unkafa n'kubadwanso wa pa tikiti usanathe. Dongosolo lonseli linkatchedwa thangata, mawu amene kwa makolo athu ankatanthauza kuthandizana mwaufulu pa ntchito ya kumunda. Thandizo lokakamiza ndi mwezi wa masiku 35 zili ndi maonekedwe onse a nthabwala ya masamu, pamene mawu odziwika apatsidwa tanthauzo lina mwakabisira, kungoti amene ankaseka anali wogwira pensulo yekha. Katswiri wa mbiri Robin Palmer, amene anafufuza za antchito a m'minda ya tiyi ya Nyasaland pakati pa 1930 ndi 1953, anaonetsa kuti anthuwa sankangopirira: ankajomba, ankathawa, ankasankha esiteti yabwinoko. Kumeneko kunalinso kuwerengera, kwa munthu amene wayeza phindu la tsiku la pa tikiti ndi la tsiku la m'munda mwake. Mu Ogasiti 1953 mkwiyo unaphulika m'boma la Thyolo ndipo anthu anafa. Thangata inathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Mabuku a esiteti anasunga manambala, koma chinenero ndicho chinasunga kuseka kwa owerengedwawo. Mawu akuti masamu tinawabwereka ku Chingerezi cha m'kalasi, koma taonani kumene tinawafikitsa. Munthu zikamuvuta amati masamu akana. Wina akamakonza zoti apeze ndalama mwanjira yakeyake timati akuchita masamu. Kwa ife masamu si choonadi chotsika kumwamba ayi, ndi chinthu chimene munthu amachita, nthawi zina pofuna kudyera mnzake masuku pamutu, ndipo anthu amene anaima pamzere wa sikelo kwa zaka zambiri anali ndi chifukwa chokwanira chowaonera motero. Ganiziraninso za nthabwala imene aliyense wodutsa kupulaimale amaidziwa. Mwana wa kalasi yoyambirira amaphunzitsidwa kuti 3 kuchotsa 5 sizitheka, ndipo amayankha mokweza ndi mtima wonse. Pakapita zaka zingapo mphunzitsi wina amamuuza kuti zimatheka, yankho lake ndi nambala ya pansi pa ziro. Mwanayo amaona ngati ananamizidwa. Koma mayi ake, amene tsiku la malipiro analandira zitatu ali ndi ngongole ya zisanu kwa wakatapila, nambala ya pansi pa ziro anaidziwa kalekale, ndipo anapita nayo kunyumba m'thumba. Choseketsa apa n'chakuti zimene buku likuti sizitheka, pamudzi zimachitika mwezi ndi mwezi.

Pali chinthu chinanso chimene wothyola tiyi wa nthawi ya atsamunda ankachidziwa, chimene lero chimavuta ophunzira a makompyuta. Nthabwala yotchuka ya olemba mapulogalamu imati padziko pali mitundu 10 ya anthu, omvetsa kawerengedwe ka kompyuta ndi osamvetsa. Chinsinsi chake n'chakuti kompyuta imawerenga ndi zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1, ndipo m'kawerengedwe kameneko 10 ndi ziwiri. Phunziro lake ndi loti khumi si malire oikidwa ndi Mulungu, ndi mgwirizano wa anthu chabe. Nanga agogo athu aja? Pakamwa ankawerenga m'magulu a zisanu ndi a khumi: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Pa ndalama ankawerenga m'magulu a 12 ndi a 20, poti makobiri 12 ankapanga sheleni ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Pa sikelo maaunsi 16 ankapanga paundi inanso, ya kulemera. Mawu amodzi omwewo, paundi, ankatchula zimene munthu wasenza ndi zimene akulakalaka kulandira, ndipo funso loti mapaundi angati amapanga paundi imodzi ndi ndagi imene palibe katswiri wa ku Cambridge akanaipeka bwino kuposa pamenepo. Mu 1971 kwacha italowa, kwacha imodzi inali masheleni 10, ndipo sheleni imene inali makobiri 12 inasanduka matambala 10. Aliyense amene anafunsa kuti awiri enawo alowera kuti anali atagwira mtima weniweni wa nthabwala ya mitundu 10 ya anthu, makompyuta asanafike n'komwe kwa Kapichi.

Sayansi yeniyeni nayo inali m'minda momwemu, kungoti inkalankhula Chingerezi ndipo inkagona ku ofesi. Tiyi wa ku Nyasaland atagwidwa ndi matenda osandutsa masamba kukhala achikasu, H. H. Storey ndi R. Leach anaonetsa mu 1933 kuti vuto silinali kachilombo koma kusowa kwa salufa m'nthaka. Bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo likulu lake lili ku Mimosa m'boma la Mulanje, linatulutsa mitundu ya tiyi imene maina ake ndi manambala, monga SFS 150 ndi PC 108, ndipo kuyesa mitundu yotereyi m'timinda tosakanizidwa mwachisawawa ndi mdzukulu wa makapu 8 a Fisher aja. Koma nzeru zina zinali m'manja mwa anthu wamba. Lamulo la kathyoledwe, masamba awiri ndi kansonga, ndi pulogalamu yaifupi imene zala zimaibwereza kambirimbiri patsiku osalakwitsa. Pamafunika makilogalamu oposa anayi a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, ndipo wothyola amadziwa kusiyana kwa kulemera kwa dengu la tsiku la mvula ndi la tsiku la dzuwa. Wokhoma zikhomo zobzalira amadziwa kuti mzere wa mamita 10, ukamabzala pa mita iliyonse, umafuna mbande 11, osati 10. Kuiwala kamodzi kameneko ndi cholakwa chimene olemba mapulogalamu amachichita kawirikawiri moti anachipekera nthabwala zambirimbiri. Kusiyana kwake n'kwakuti wolemba mapulogalamu akalakwitsa ndi kamodzi amaseka ndi anzake, pamene wa m'munda ankati akalakwitsa ndi kamodzi tsiku lake silinkachongedwa.

Lero zinthu zayamba kutembenuka. Mu 2014 Malawi University of Science and Technology inalandira ophunzira ake oyamba pa Ndata, m'boma lomweli la Thyolo. Achinyamata akuphunzira kulemba mapulogalamu, uinjiniya ndi sayansi ya zanyengo pamtunda wosatalikirana ndi minda imene makolo a ena mwa iwo ankachongetsako tikiti. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere, mwana wa wothyola tiyi ali ndi mwayi wokhala kumbali ina ya sikelo. Nthabwala za makompyuta zimafika pa foni tsiku lomwelo zapekedwa ku California kapena ku Bangalore, ndipo ophunzira athu amaziseka monga anzawo a kulikonse. Kumeneko n'kupita patsogolo, chifukwa kuseka 418 ndi umboni woti munthu akudziwa tanthauzo la 404. Koma kuseka nthabwala ya eni ndi sitepe yoyamba chabe, ngati mlendo amene waphunzira nthawi yoyenera kuombera m'manja. Mwini mudzi ndi amene amapeka nthabwala, ndipo amaipeka ndi zinthu za pabwalo pake.

Ena anganene kuti nkhani yonseyi ndi ya anthu okhuta. Malipiro a m'minda ya tiyi akadali ochepa, malo olima kwa Kapichi ndi m'madera oyandikana nawo ndi osowa, ndiye nthabwala za masamu zithandiza chiyani mayi amene akusowa ndalama ya sopo? Mfundoyi ndi yolemera, ndipo palibe angatsutse kuti kuseka sikukhutitsa. Koma mbiri imene taonayi ikusonyeza kuti umphawi wa m'minda ya tiyi unamangidwa ndi manambala amene mbali imodzi yokha inkawamvetsa. Munthu woopa masamu amalandira chilichonse cholembedwa papepala ngati chigamulo. Munthu wotha kuwaseka amadziwa kuti anawalemba ndi munthu mnzake, ndipo akhoza kukhala olakwika. Wothyola amene angaseke kuti dengu lake limalemera kumsana koma limapepuka likafika pa sikelo wayamba kale kufunsa za sikeloyo. Mlimi wa tiyi wa m'mudzi amene angachite nthabwala ndi kuchuluka kwa zochotsedwa pa pepala la malipiro ake ndi amene mawa adzapemphe kuti amuwerengere chimodzichimodzi. Fisher uja sanayambe ndi buku, anayamba ndi kucheza pa nthawi ya tiyi. Mantha ndi amene amatseka mutu, ndipo palibe munthu amaopa chinthu chimene akuchiseka.

Ena anganene kuti Chichewa sichingasenze nthabwala zoterezi, poti mawu a sayansi tilibe, ndipo ngakhale manambala athu ndi aatali: kuti unene 99 uyenera kunena makumi asanu ndi anayi kudza zisanu ndi zinayi, wogulitsa tomato atatopa kale kudikira. N'zoona kuti pamsika timati faifi, teni ndi handiredi, ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Koma kutalika kwa nambala si kufooka kwa nzeru. Afalansa amatchula 97 ngati makumi awiri kanayi kudza khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo zimenezo sizinalepheretse dziko lawo kubala Descartes, Pascal ndi Fermat. Komanso nthabwala za sayansi zili mitundu iwiri. Zina zimadalira kufanana kwa mawu a Chingerezi, ndipo zimenezo zimafera pamalire. Zina zimadalira kapangidwe ka ganizo, monga ya kambuku ndi khoswe ija, ndipo zimenezo zimaoloka mtsinje uliwonse. Kuonjezera apo Chichewa chili ndi chuma chake chimene Chingerezi chilibe. Ife mawu amodzi, kuwerenga, amagwira ntchito pa buku ndi pa ndalama, ndipo kompyuta ndi chinthu chokhacho chimene chimatsimikiza kuti makolo athu sanalakwe, poti kwa iyo chilembo chilichonse ndi nambala. Pochotsera timaphunzitsa ana kukabwereka kwa nambala yoyandikana nayo, ndipo aliyense wodziwa m'mene ngongole za pamudzi zimathera akhoza kufunsa ngati nambala ya kumanzereyo inabwezeredwapo chake. Chinenero chimene chinatenga mawu ouma a m'kalasi n'kupanga masamu akana sichikusowa luso. Chikusowa anthu ophunzira olimba mtima kuchigwiritsa ntchito.

Chotsutsa chachitatu ndicho cholimba kwambiri. Nthabwala za akatswiri zimamanga mpanda: odziwa amaseka, osadziwa amangoyang'ana pansi. M'dera limene ophunzira ndi ochepa, kodi nthabwala zoterezi sizingobala akalaliki atsopano, oseka makolo awo m'chinenero chimene makolowo sakumva? Ngoziyi ndi yeniyeni, ndipo tonse tinamvapo kuseka kwa munthu amene sukulu inamuphunzitsa kunyoza kwawo. Koma mankhwala ake ali m'mwambo wathu womwe wa ndagi. Ndagi nayo imagawa anthu pawiri, odziwa ndi osadziwa, koma kugawako ndi kwa kanthawi. Olephera amavomera, amalipira mwamasewera ndi ng'ombe ya pakamwa chabe, ndipo woponya ndagiyo amakakamizika kuulula yankho. Mawa lake amene analephera dzulo ndi amene amaponyera ena. Ndagi yopanda kuulula yankho si ndagi, ndi chinyengo, ndipo apa ndi pamene pasiyanira bwalo la ndagi ndi tebulo la kalaliki. Pa tebulo la kalaliki lamulo linkabisidwa kuti wina apindule. Pa bwalo la ndagi lamulo limabisidwa kwa mphindi imodzi kuti likaululidwa likhazikike m'mutu. Choncho muyeso wa nthabwala yabwino ya sayansi ndi wosavuta: kodi ikafotokozedwa, womvayo amatsala wodziwa zambiri kapena wochepetsedwa? Wophunzira wa pa Ndata amene angafotokozere agogo ake za mitundu 10 ya anthu pogwiritsa ntchito makobiri ndi masheleni adzapeza kuti agogowo ayamba kuseka iye asanamalize.

Tibwerere kwa tipoti ija. Chimene chimakoma pa 418 n'chakuti chiwiya chopanda pakamwa chinapatsidwa njira yovomerezeka yokanira ntchito imene si yake. Amene anailemba ankangocheza, koma munthu wodziwa mbiri ya Thyolo sangaimve popanda kukumbuka kuti anthu amene ankadzaza matipoti a ku London analibe nambala yotero. M'buku la kalaliki munali malo olemba kuti wabwera ndi malo olemba kuti wajomba, koma munalibe malo olemba kuti wakana chifukwa mwezi wake unatha kale. Masiku ano masikelo ndi mabuku a malipiro akusamukira m'makompyuta, ndipo pulogalamu iliyonse yowerengera malipiro ili ndi mzere umene umanena kuti mwezi ndi masiku angati. Mzere umenewo amaulemba ndi munthu. Akadzakhala mwana wa kwa Kapichi, n'kuikapo kandemanga ka m'Chichewa kokumbutsa mnzake wodzakonza pulogalamuyo kuti asaikepo 35, ndipo mayi wothyola tiyi atauzidwa n'kuseka chifukwa akutha kuwerengera yekha masiku ake, pamenepo masamu adzakhala atabwerera kwawo.